Zithunzi za Agogo ndi Tayala la ku Cumberland

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine sindine munthu wolemba. Sukulu ndinaphunzira kumudzi kwathu ku Ntchisi, ndipo mpaka lero ndikagwira cholembera ndimaona ngati kumbuyo kwanga kwaima wina amene akudikira kuti ndilakwitse. Koma nkhani ya ulendo wathu wa ku Pittsburgh anthu awiri aifotokoza kale kutchalitchi, aliyense mwa njira yake, ndipo m'njira zonse ziwirizo wolakwa amapezeka kuti ndine. N'chifukwa chake ndalimba mtima kulemba zimene ndinaona. Amene ndiwakhumudwitse andikhululukire.

Dzina langa ndine Fatsani. Ndimakhala ku Takoma Park, m'chipinda chapansi cha nyumba ya agogo a Kaliwo, amene ndi alongo awo a agogo anga obereka amayi. Ndiwo akundisunga pamene ndikuphunzira pa kakoleji kena chapafupi. Agogowa anachoka ku Malawi ali mnyamata, anakaphunzira mbiri yakale ku Moscow, kenaka anaphunzitsa zaka zambiri ku College Park mpaka anapuma. Chuma chawo ndi zithunzi zikuluzikulu zimene boma la chikomyunizimu la ku Russia linkamata m'makoma litangolanda kumene ulamuliro, cha m'ma 1920. Amazisunga zokulunga m'mipope ya makatoni, yaitali kufika m'chifuwa mwanga, ndipo wofuna kukangana nawo angoyesa kuisuntha.

Gulu lina la aphunzitsi opuma ku Pittsburgh linawaitana kuti akalankhule za zithunzizo Lamlungu lina mu Okutobala. Agogo anati apita pa galimoto yawo, chifukwa ndege imathyola mipope ndipo basi imanunkha zakudya za anthu ena. Mwana wawo, anti Tadala, amene amagwira ntchito ku banki ina mu Washington, anakana kwamtuwagalu. Anali atayamba kale kunena kuti adadi awo asiye kuyendetsa, poti galimotoyo inkabwera kunyumba ndi zipsera zimene mwini wake sankadziwa kumene zachokera. Anakangana sabata yathunthu, kenaka anagwirizana pa ine. Ndipite nawo, ndipo paliponse pamene taima ndizitumiza uthenga pa foni. Anti anandiuza kukhitchini kuti ndikanene zoona zokhazokha, ndipo ulendowu ukakhala ndi vuto ngakhale limodzi, makiyi awalanda. Ndinayankha kuti chabwino. Madzulo ake agogo anandipeza pa masitepe nati mdzukulu wa mlongo wawo sangawagulitse kwa mwana amene anamusinthapo matewera. Ndinayankhanso kuti chabwino.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, mochedwa. Bokosi la mabuku amene agogo ankafuna kukagawa silinkalowa kumbuyo kwa galimoto, ndiye anandiuza kuti nditulutse tayala lapadera ndiliike m'mbali mwa nyumba. Anati pa zaka zonse zimene ayendetsa galimotoyo tayalalo langokwera ulere. Mumtima ndinakayikira, koma ndinalitulutsa.

Tinaima koyamba ku Gaithersburg kuti titenge amayi a Tembo, namwino wa ku Lusaka amene timapemphera nawo, amene mwana wawo amaphunzira ku Pittsburgh. Anali atangoweruka ku ntchito ya usiku. Tinawadikira panja nthawi yaitali pamene ankamanga tinsomba touma ta kapenta, chakudya cha kwawo chotchedwa chikanda ndi bulangete la mwanayo. Atatuluka ndi zikwama zawo anasuzumira m'galimoto n'kufunsa kuti, "Ba Kaliwo, manje mipaipi iyi, mwayamba upulamba?" Agogo sanaseke. Anati pamwamba pa mipopeyo pasakhale kanthu, ngakhale kansalu. Mapeto ake zikwama zinadzaza mpando wakumbuyo, ndipo mipope inagona chopingasa, mbali ina pa zikwamazo, mbali ina paphewa langa. Amayi a Tembo anati akanatha kuthandiza kuyendetsa, koma ataona kuti galimotoyo ndi ya magiya a pamanja anati iwo zinthu za m'nyumba yosungira zakale sagwira. Anadzikuta kumaso ndi chitenje n'kugona tisanatuluke n'komwe mu Gaithersburg.

Titalowa mumsewu waukulu, agogo anandipatsa ntchito. Anati ndiziwerenga mokweza chikwangwani chilichonse kuti Chingerezi changa chikule. Ndinakondwera, ndinaona ngati akundiganizira. Ndinawerenga Germantown, ndinawerenga Clarksburg, ndinawerenga ngakhale zoitanira anthu ku malo odyera. Pakati pa zikwangwanizo iwo ankayeserera pa ine zimene akakambe mawa lake.

Anati boma lija linali lofooka kwambiri m'zaka zake zoyamba: nkhondo yapachiweniweni mbali zonse, njala, matenda, mafakitale ataima. Koma ukayang'ana zithunzi zake umangoona amuna a mikono ngati mitanda ya denga, sitima zikufuka utsi, tirigu ali mbwee. Anati munthu wodziwa kuwerenga zithunzi zotere amayang'ana pamene chala chaloza, chifukwa pamenepo ndi pamene pakupweteka. Boma likamata paliponse chithunzi cha msilikali wolimba mtima, ndiye kuti asilikali akuthawa. Likajambula mlimi akumwetulira atasenza thumba la tirigu kupita nalo mumzinda, ndiye kuti alimi akukwirira tirigu pansi. Likajambula nsabwe yaikulu ngati ng'ombe ikubayidwa ndi mkondo, ndiye kuti matenda a nsabwe akupulula anthu kuposa zipolopolo. Zambiri mwa zithunzizo, anatero, ankazimata m'mawindo a masitolo, popeza m'mawindomo munalibenso katundu woti aonetse.

"Munthu wokhuta sajambula buledi, Fatsani. Ukaona buledi wamkulu pakhoma, usalowe m'nyumbamo kukapempha chakudya."

Kwathu mwana sadula mawu munthu wamkulu. Tsono titafika ku Frederick, chikwangwani cholozera ku Hagerstown chinatulukira agogo ali pakati pa chiganizo, ndipo ziganizo zawo n'zazitali, zina zimakhala ndi ana ndi zidzukulu zomwe. Ndinachiwerenga chapansipansi. Ndinakhosomola. Ndinaloza ndi chibwano, poti manja anali atagwira mipope. Pamene chiganizocho chinafika kumapeto, tinali tikuthamangira ku Baltimore. Ndinati kapena ndine ndawerenga molakwa, koma zikuoneka ngati Pittsburgh tamufulatira. Agogo anati akudziwa, akufuna kukathira mafuta ku Mount Airy kumene n'kotchipa. Mafutawo sanali otchipa. Thanki nayonso inali yodzaza kale, moti mpope wa mafuta unangothira pang'ono n'kudula. Pamenepo ndinalembera anti kuti tikuyenda bwino ndipo tathira mafuta. Zonse ziwiri zinali zoona ndithu.

Ku Hagerstown tinafika nthawi ya nkhomaliro, pamene tinayenera kukhala titalowa kale mu Pennsylvania. Amayi a Tembo anati tiwasiye agone. M'malo odyeramo agogo anatenga pepala la zakudya, analiyandikitsa, analitalikitsa, kenaka analiika pansi n'kuuza mtsikana wogulitsa kuti awapatse chimene wasankha mnyamatayu. Tiyi atabwera, shuga wina anathira pa tebulo. Ndipamene mtima unayamba kundiuza kuti kuwerenga kwanga kuja sikunali kwa Chingerezi changa.

Tisanakwere galimoto agogo anaima pambali panga n'kundiuza zoti ndilembe: tadya, galimoto ili bwino, nyengo ili bwino. Ndinalemba. Atalowa m'galimoto ndinayang'ana uthengawo ndipo unandionekera wouma. Ndinaopa kuti anti akayikira, n'kuyamba kufunsa mafunso amene sindingawayankhe popanda kukhumudwitsa wina. Ndiye ndinawonjezera mawu anga, kuti agogo akuona msewu bwino kwambiri, ngakhale zikwangwani zakutali. Ndinkaganiza kuti ndatseka pakhomo pamene nkhawa ikanalowera. Anti sanayankhe, ndipo ndinati basi akhutira.

Ku Hancock msewu umagawikana. Apa ndinawerenga mokweza ndithu, mpaka kubwereza, koma kudzanja lamanja kunali chigalimoto cha katundu chimene agogo sanachione mpaka chitaliza hutala. Tinapezeka tatenga njira ya ku Cumberland. Agogo anati ndi dala, njira inayo ndi yolipiritsa, ndipo iwo salipira kawiri msewu umene anaumanga ndi msonkho wawo. Phewa linali litachita dzanzi, ndipo ndinali nditayamba kuwerenga ngakhale zinthu zosalembedwa: apa pali kona, apa galimoto yakutsogolo yachepetsa liwiro.

Kumapiri tinapeza nkhungu ndi mvula yowaza. Pena pake ankakonza msewu, atandanditsa migolo yofiirira kuti magalimoto apanikizike mbali imodzi. Ndinati migolo, agogo. Anati aiona. Woyamba tinaukhudza pang'ono, unangozungulira. Wachiwiri unalowa pansi pa galimoto. Kenaka tayala lakutsogolo linagunda m'mphepete mwa konkire ndi phokoso limene ndimalimvabe m'mano, galimoto inatsetsereka n'kuima pa udzu. Amayi a Tembo anavundukula chitenje n'kufunsa ngati tafika. Atatuluka n'kuona chigwa chimene chinali patsogolo pathu, anakhala pansi pa udzu wonyowawo. Chinthu choyamba chimene agogo anafunsa ndi ngati mipope yapindika. Chachiwiri anati nditulutse tayala lapadera. Ndinawakumbutsa mwaulemu kumene linali. Anati ndikanayenera kuwaletsa.

Galimoto yokoka inatenga nthawi yoti munthu akanatha kulima ndime. Amayi a Tembo ndi amene anaiitana. Agogo analetsa aliyense kuimbira anti, ndipo foni yawo anaizimitsa. Tinadikira m'galimoto mawindo atachita nthunzi, fungo la kapenta likukula, magalimoto akudutsa n'kumatigwedeza. Woyendetsa galimoto yokokayo atafika anafunsa ngati m'mipopemo muli mbedza zophera nsomba, ndipo anaiponya kumbuyo kwa mipando yake mosayang'ana kuti woyamba ndi uti. Tinapanikizana momwemo mpaka ku Cumberland.

Pa galaja anatiuza kuti tayala lokha silinali vuto, koma chitsulo chake chapindika, ndipo cha galimoto yakale chotero sichingapezeke Lolemba lisanafike. Obwereketsa magalimoto anali atatseka kale. Basi ya tsikulo inali itadutsa. Mwini galajayo, mzungu wachikulire wa manja akuda ndi mafuta, anayesa kuimbira anzake osunga magalimoto akufa, koma ena sanayankhe, ena anati abwera Lolemba. Tinakhala m'kachipinda kodikiriramo, momwe munali mipando yapulasitiki, kanema wopanda mawu ndi khofi wozizira. Amayi a Tembo anamasula chikanda cha mwana wawo n'kuyamba kudya ndi mkwiyo.

Mwini galaja anafunsa za mipope ija. Atamva kuti muli zithunzi za ku Russia, anati agogo ake aamuna anachokera kumaiko omwewo kudzakumba malasha m'mapiri amenewa, ndipo angakonde kuona. Nkhope ya agogo a Kaliwo inawala. Anapukutitsa tebulo kawiri, anatenga mpope umene ankaganiza kuti ndi wa sitima, ndipo ine ndinagwira m'makona pamene ankatambasula. Pepala lake linali lopyapyala ngati lokulungira nyama, mitundu yake iwiri yokha, wofiira ndi wakuda. Agogo anati zimenezonso n'zofunika kuziona, chifukwa boma limene linkalonjeza dziko latsopano linalibe pepala labwino kapena utoto wokwanira wolembera lonjezolo.

Kenaka anayamba kufotokoza za sitima. Anati onani utsi uwu mmene wakwerera, onani mawilo awa, chikhalirecho m'zaka zimenezo sitima zambiri zinali zitafa pa njanji, zopanda malasha, zopanda wozikonza. Chala chawo chinkayenda molimba mtima. Koma mipope ija inali itasokonezeka m'galimoto yokoka. Pa tebulo panalibe sitima. Panali mayi wovala duku lofiira akuphunzitsa nkhalamba ya ndevu kuwerenga, ndipo utsi umene agogo ankaloza unali duku la mayiyo. Mwini galaja anayang'ana chithunzicho, kenaka anayang'ana ine. Amayi a Tembo anasiya kutafuna. Agogo anafotokoza mpaka kumapeto, bwinobwino, ndipo mwini galaja anawathokoza.

Amayi a Tembo anandikokera panja.

"Iwe mwana, kamwa unasiya ku nyumba? Ba mudala saona. Sembe tafela pa phiri paja."

Ndinati ndinalonjeza.

"Unalonjeza ndani?"

"Onse awiri, amayi."

Anati ku chipatala kwawo anthu ngati ine ndi amene amabweretsa wodwala atatha kale, n'kumati sitinafune kumukhumudwitsa. Ali mkati mondikalipira foni yanga inalira. Anali anti. Anafunsa kumene tinali, ndipo ndinati tangoima pang'ono kuti tiwongole miyendo. Anati iwo ali pa Hancock pamene msewu wagawikana, ndiwauze kuti akhotere kuti. Ndinawauza.

Atafika anayamba apereka moni kwa amayi a Tembo, kenaka anazungulira galimoto ija n'kupala ndi chikhadabo utoto wa mgolo umene unatsalira kutsogolo. Analowa n'kufunsa adadi awo kuti aswera bwanji. Agogo anati aswera bwino, angoima kuti akatswiri aone matayala asanalowe m'mapiri enieni. Anti anatembenukira kwa ine.

"Fatsani, ine ndinakufunsa za maso?"

"Ayi, anti."

"Nanga unazitchuliranji?"

Ndinayang'ana pansi. Anati iwo anakulira m'nyumba ya zithunzi zimenezi, ndipo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato anali ataphunzitsidwa kale kuti chimene chikutamandidwa popanda wofunsa ndicho chikudwala. Uthenga wa mafuta uja anaukhulupirira. Wa ku Hagerstown atangouwerenga anayesa kukhala pansi, analephera, n'kuyamba kufunafuna makiyi a galimoto yawo.

Agogo anandifunsa ngati n'zoona kuti ndinalemba za maso awo. Ndinati ndinalemba kuti akuona bwino kwambiri.

"Bola kazitape," anatero. "Kazitape amadziwa chimene akuchita."

Anti anatambasula dzanja kuti alandire makiyi. Agogo anati galaja aipatsa kale kiyi wapadera, ndipo makiyi awo amakhala m'thumba lawo, monga akhalira kuyambira anti asanabadwe. Anti anayankha m'Chingerezi, mwachangu, mawu amene sindiwalemba pano. Mwini galaja anapeza chochita kuseri. Pomalizira pake tinasamutsira katundu m'galimoto ya anti, mipope paphewa langa lomwe lija, ndipo agogo anakhala kutsogolo n'kumawauza anti njira mpaka ku Pittsburgh.

Za ku Pittsburgh sindinena zambiri. Kuli milatho yambiri. Amayi a Tembo tinawasiya kwa mwana wawo ndi chikanda chotsala, ndipo anati pobwerera akwera basi. Lamlungu agogo analankhula popanda pepala m'chipinda chodzaza anthu a imvi. Ine ndinaima pambali ndi zithunzi, ndipo akatchula sitima ndinkafulumira kupeza sitima, akatchula nsabwe ndinkakweza nsabwe. Anthu anawomba m'manja nthawi yaitali. Tinabwerera tsiku lomwelo, anti akuyendetsa.

Mavuto enieni anayamba titafika. Galimoto inakonzedwa, ndipo mwini galaja ankaimba sabata iliyonse kufunsa kuti adzaitenga liti. Anti anati adadi awo sawapititsa ku Cumberland, ndipo aliyense wowaperekeza asadzapondenso pakhomo pawo. Agogo ankanditumiza kuti ndifufuze nthawi ya basi. Ndikafufuza, anti ankadziwa. Ndikapanda kufufuza, agogo ankadya okha kuchipinda. Kutchalitchi agogo ankauza anthu kuti ulendo unali wabwino koma anatenga mnyamata wosadziwa kuwerenga zikwangwani. Anti ankauza anthu omwewo kuti anatuma mboni n'kulandira wolemba nyimbo zotamanda. Amayi a Tembo ankangoti akandiona, "Muli bwanji, ba zonse zili bwino?" Zinandikwana. Ndinayamba kukhala ku laibulale mpaka atatseka, ndipo ndinafunsako mnzanga wina wa ku College Park ngati ali ndi malo pansi poti munthu angayale mphasa.

Lamlungu lina titatha mapemphero, anthu akumwa tiyi m'holo, agogo anagogoda kapu ndi supuni n'kuimirira. Anati akhala akuganizira za anyamata a ku Cumberland, mmene ntchito zinathera m'mapiri muja, ndipo aona kuti n'kosayenera kuti munthu mmodzi azisunga galimoto yolimba chotero pamene ana ofuna kuphunzira umakaniko alibe pophunzirira. Choncho aipereka kwa mwini galaja uja kuti aziphunzitsira. Anawonjezera kuti madokotala ena a maso awapempha kuti aone ng'ala imene akuti ndi yachilendo, ndipo iwo monga mphunzitsi sangakanize anthu kuphunzira. Anthu anawomba m'manja. Abusa anati tatengerapo chitsanzo. Agogo anatulutsa makiyi m'thumba n'kundipatsa ine, nati ndiwapatse aliyense amene ali ndi nthawi yopita ku positi. Ndinayenda masitepe angapo n'kuwapereka kwa anti ndi manja awiri. Anti anawaika m'chikwama, anatenga kapu ya adadi awo n'kukawathirira tiyi wina.

Anti anati atiperekeza pa galimoto, koma agogo anati munthu wophunzira amakwera sitima, chifukwa m'sitima ndi momwe umaona anthu. Tinatuluka awiri. Kunja kunkazizira, ndipo masamba onyowa anali atadzaza m'njira yopita ku siteshoni. Titafika pamene msewu umatsika, agogo anaima n'kundigwira pa chigongono mwamphamvu.

"Pano m'poterera," anatero. "Yenda pafupi ndi ine, ungagwe."

Ndinayenda pafupi nawo mpaka pa siteshoni. Linali Lamlungu, pa 17 Novembala 2024.